Wamagetsi Wosadziwa Kunena Ayi

Cholakwa chinali changa, ndivomere poyambirira pomwe. Lamulungu lija, tili pageti pathu, ndinamukonzera kolala Wamagetsi wanga n'kumupatsa malangizo amene ndinkayesa anzeru.

"Tamvera. Bambo anga anagwira ntchito yomasulira kukhoti zaka makumi atatu, ndipo mpaka pano aliyense amamuona ngati mboni yonama. Chilichonse chimene anene, iwe ungoti inde. Usatsutse. Wamva?"

"Inde," anatero.

"Eya, wayamba kale bwino."

Tinaseka, koma iye thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunali kamphepo. Tinali titakhala pachibwenzi chaka ndi miyezi inayi, kuyambira tsiku limene anabwera kudzakonza magetsi kusitolo ya nsalu kumene ndimagwira ntchito, n'kundipempha kuti ndimugwirire makwerero. Makwererowo sankagwedera n'komwe, koma ndinawagwira ola lathunthu.

Kwathu kuli lamulo limene bambo anadzipangira okha. Mwamuna wofuna mwana wawo amamumwetsa tiyi, kucheza naye pang'ono, ndipo akapita amatsegula dikishonale yawo yaikulu, yachikuto chomatidwa ndi tepi, n'kulemba liwu limodzi lachingerezi pa kakhadi. Kakhadiko ndiye chigamulo, ndipo apilo kulibe. Achemwali anga anadutsa m'khoti limeneli ine ndili kusukulu yogonera komweko, choncho mmene mlandu umayendera sindinkadziwa. Ndinkangodziwa kuti ndimamukonda munthuyu ndipo sindinkafuna kuti agwe.

Bambo anatilandira atakhala pampando wawo wa pazenera, magalasi ali pamphuno, ndodo ili pakati pa miyendo. Anafunsa za makolo, za sukulu, za ntchito. Kenako anaika kapu pansi.

"A Magetsi, inu ndi katswiri, ndiye mundithandize. Ine ndimaona kuti magetsi a m'mawa amakhala amphamvu kuposa a masana, chifukwa amakhala atapuma usiku wonse. Si choncho?"

Wamagetsi anandiyang'ana. Ndinamuponda chala pansi pa tebulo.

"Inde, bambo. Zimatheka."

"Eya. Komanso babu ikapsa, ukaiika mufiriji masiku atatu imayakanso."

"Inde... ena amatero."

"Ena ati?"

"Ena basi, bambo."

"Chabwino. Koma chimene ndinatulukira ndekha ndi ichi: fyuzi ndi bodza la ogulitsa. Yathu inkapsa sabata iliyonse, ndiye ndinaichotsa n'kuikapo msomali. Miyezi itatu tsopano, magetsi sanathimepo m'nyumba muno."

Apa Wamagetsi anaika kapu pansi. Maso ake anathamangira ku bokosi la magetsi la mukolido, ndipo anatsegula pakamwa. Ndinamupondanso, ulendo uno ndi chidendene.

"Inde, bambo," anatero ndi mawu a munthu wodwala.

Pomuperekeza ndinali wosangalala ngati ndapambana mayeso. Ndinamuuza kuti wachita bwino kwambiri, iye anangoti inde n'kumapita akutsimphina.

* * *

Nditabwerera m'nyumba ndinapeza dikishonale yatsekedwa kale, kakhadi kali pamwamba pake. Panalembedwa liwu limodzi ndi zilembo zopendekeka za bambo: amenable.

"Amatchula kuti aminebo," anatero bambo akupukuta magalasi. "Amanena munthu wosavuta, womvera, amene ukamuuza chinthu amangovomera. Kukhoti ndinkalimva kawirikawiri. Loya akafuna kunena kuti munthu wake sakangana, avomera zimene agwirizane, ankagwiritsa ntchito limeneli."

"Ndiye ndi liwu labwino, bambo."

"Kwa loya ndi labwino. Khala pansi, Mzime."

Bambo akanditchula Mzime, dzina limene anandipatsa chifukwa ndine womaliza kubadwa, ndimadziwa kuti nkhani yakula. Ndinakhala.

"Liwu lililonse lili ndi kwawo. Ili Angerezi analitenga ku Chifalansa, ku liwu lotanthauza kutsogolera kapena kubweretsa. Afalansawo analitola ku Chilatini, ndipo kumeneko linkanena za kukusa ziweto, munthu ali pambuyo akukuwa. Ukuona? Chiweto chimene chimapita kulikonse kumene wachikuwira."

"Bambo, mukumutcha ng'ombe?"

"Ine ayi. Dikishonale."

"Koma ndi ulemu umene uja! Munthu wakulemekezani m'nyumba mwanu, ndiye walakwa?"

"Ulemu ndimaudziwa, ndipo mnyamatayo ali nawo. Ndi waukhondo, ntchito ali nayo, ndipo amakuyang'ana bwino. Koma tamvera. Malemu amayi ako anandikanira zinthu zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo n'chifukwa chake nyumba ino ikadali yathu. Ine ndikadzapita, ndani adzakukanire zinthu? Abale ake akadzamuuza kuti akusiye, adzati inde. Mkazi wina akadzamumwetulira, adzati inde. Inde amene anakupatsa iwe ndi yemweyo amene amapatsa aliyense wodutsa pamsewu."

Mawu amenewo anandilasa mtima, ndipo ndinakwiya.

"Loweruka masana azakhali ako abwera," anapitiriza. "Ndidzawauza kuti nkhaniyi yatha, kuti asavutike n'kukonzekera zaukwati."

Azakhali ndi mlongo wawo wa bambo, ndipo chimwalilire amayi, nkhani zathu zonse zimathera kwa iwo. Ndi mayi wolimba, wa nyumba zinayi za lendi kutsidya kwa tauni, amene salola munthu wosakwatira kulowa m'nyumba zawozo chifukwa amati osakwatira amabwera ndi phokoso. Bambo ndi azakhali akagwirizana chinthu, ngakhale ulire magazi sichisintha.

Ndinatenga kakhadiko n'kukaika m'chikwama changa.

"Kameneko ndi kanga," anatero bambo.

"Ndidzakubwezerani Loweruka, mudzakang'ambe nokha."

* * *

Ndinawaimbira achemwali ndili kuseri kwa nyumba, pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Nditawafotokozera, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, sunadziwe? Bambo amanama dala! Amafuna aone ngati mwamuna angawatsutse. Alamu ako, poti ndi makanika, bambo anawauza kuti dizilo ndi petulo n'zimodzi, kusiyana kwake ndi fungo chabe. Alamu ako anamenya tebulo mpaka shuga anatayika. Kakhadi kawo kanalembedwa liwu lotanthauza wouma mutu, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi tinakwatirana."

"Nanga bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa? Iwe chibadwire umadziwa zonse. Ndiye a Aminebo akowo anavomera chiyani?"

"Musamutchule choncho. Anavomera kuti magetsi amapuma usiku, kuti babu imachira mufiriji, ndi za msomali wa mu fyuzi."

"Msomali? Umenewo ndi watsopano. Bambo akukalamba ndi luso." Kenako anasiya kuseka. "Koma Mzime, kodi ndiwe wekha unamuuza kuti azivomera, kapena ndi mmene alili?"

Ndinadula foni osayankha, chifukwa yankho ndinkalidziwa. Munthu wanga amakonzera anthu mawailesi kuyambira Pasaka mpaka Khirisimasi osawauza kuti afa. Woperekera zakudya akamubweretsera zimene sanaitanitse, amadya n'kuthokoza. Ndinkaziona ngati mtima wabwino, ndipo ndi zimene ndinamukondera.

Lolemba madzulo kunabwera uthenga wake: "Ndinabwera kwanu ndi zida kudzaona msomali uja. Bambo anandipeza pageti, anati zonse zili bwino, ndibwerere."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati inde."

Ndinaponya foni pabedi. Nditaitola ndinamulembera zonse za mayeso a bambo, kenako ndinayamba sukulu. Sabata yonse ndinkamutumizira mafunso.

"Ndigulire ndege."

"Yamtundu wanji?"

"Yankho ndi ayi!"

"Pepa. Ayi."

"Usapepese. Mawa umete mpala."

"Ngati ukufuna... ayi?"

"Chotsa chizindikiro cha funsocho."

Pakati pa maphunzirowo ankangobwereza chinthu chimodzi: "Musayatse ketulo ndi simbi nthawi imodzi, chonde." Ine ndinkamuyankha kuti asiye za msomali, linali bodza la bambo ngati enawo.

* * *

Loweruka m'mawa ndinapempha tchuthi kusitolo n'kupita kukashopu kake, kachipinda kopanikiza kodzaza mafani opanda mapiko ndi mawaya okolekedwa pamisomali. Pampando wake wokhawo panakhala Nesi, mwendo pamwamba pa unzake, akudya mtedza. Wamagetsi anali chiimire akumukonzera choumitsira tsitsi.

Nesi ndi mwana wa mnzawo wa amayi ake a Wamagetsi, ndipo amayiwo sabisa kuti mpongozi amene amamufuna ndi ameneyo. Ndi wokongola, zimenezo sindingamunamizire, ndipo amalankhula mofewa ngati akukubaya jekeseni.

"Aa, asisi a kunsalu. Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Kuchipatala odwala atha?"

"Lero ndikupuma. Ndangoti ndiwaone achimwene awa. Sakana munthu, n'chifukwa chake timawakonda."

"Timawakonda inu ndi ndani?"

Anamwetulira n'kusasa makoko a mtedza pa siketi yake, onse n'kugwera pansi pa shopu ya mwini wake. Anatenga choumitsiracho osafunsa mtengo, ndipo pakhomo anatembenuka.

"Madzulo ano musaiwale kudzandipachikira makatani aja. Kunyumba kuja anthu ayamba kufunsa kuti bwanji simukuoneka."

"Inde," anatero Wamagetsi.

Sabata yathunthu ya maphunziro inathera pamenepo. Nesi atatuluka ndinatulutsa kakhadi n'kukaika pa tebulo, pakati pa pulayala ndi sikuludilaiva.

"Werenga. Bambo akuti ndiwe chiweto chimene chimapita kumene wachikuwira. Ndinakangana nawo chifukwa cha iwe, ndipo lero wandichititsa manyazi."

Anawerenga kakhadiko nthawi yaitali, ngati liwu limodzilo linali kalata.

"Koma unandiuza ndiwe kuti ndizivomera."

"Ndikudziwa, ndipo ndinalakwa. Koma iwe unadziwa kuti ndikulakwa, n'kundivomera. Ukuona vuto lake?"

Anakhala pansi pa bokosi la zida, mutu uli pansi.

"Bambo anga atamwalira ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Amayi anapita kukagwira ntchito kutali, ine ndinkakhala kwa abale. Nyumba zinayi. Kwa amalume ndinakana kamodzi kukagona kukhitchini, m'mawa mwake ndinapeza zovala zanga zili m'jumbo pakhomo. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti mwana wonena inde sachotsedwa. Ndikafuna kunena ayi, pakhosi pamatsekeka. Si kuti sindikufuna."

Mkwiyo wanga unasungunuka, ndipo ndinamumvera chisoni mpaka misozi inalengeza. Koma ndinadziwa kuti chisoni sichitifikitsa masana. Ndinagwada patsogolo pake n'kumugwira manja.

"Ine sindine amalume ako. Ukandikana sindikuikira zovala m'jumbo. Koma ukapitiriza kuvomera aliyense, undiluza lero lomwe, ndipo ine sindikufuna kuluzidwa. Tenga foni. Umulembere Nesi."

"Pali kanthu kena ka Nesi kamene ndimafuna ndikuuze, pa nkhani ya nyumba imene akukhalayo..."

"Za makatani ake sindikufuna kumva. Lemba."

Analemba mizere isanu ndi umodzi yoyamba ndi pepani n'kutha ndi pepani. Ndinafufuta yonse.

"Mawu awiri okha."

Analemba: "Ayi, sindibwera." Anatumiza yekha, kenako anapuma ngati watula thumba la simenti. Yankho linabwera nthawi yomweyo. Analiwerenga, nkhope inasintha, n'kuika foni m'thumba. Ine ndi kunyada kwanga sindinafunse.

"Tsopano tiye kwa bambo," ndinatero. "Ukawauze kuti za magetsi opuma ndi za babu mufiriji ndi zabodza. Za msomali nazonso, ngakhale tonse tikudziwa kuti ankangokuyesa."

"Ayi."

Ndinamuyang'ana.

"Ayi chiyani?"

"Za msomali sankandiyesa. Lamulungu lija ndikudutsa mukolido ndinamva fungo la waya wopsa. Iwe wazolowera, sukulimva. Msomaliwo ulimo, ndipo sabata yonse ino sindinapeze tulo."

Anali ataima kale akuponya zida m'chikwama, ine n'kutola kakhadi kaja. Aka kanali koyamba kunditsutsa chiyambire chibwenzi chathu, ndipo ndinamukonda kuposa tsiku la makwerero lija.

* * *

Tinawapeza bambo akumvera wailesi, atavala kale jekete yolandirira azakhali. Wamagetsi anawapatsa moni mwaulemu wonse, kenako anadutsa osadikira mpando, n'kulowa mukolido. Tinangomva thi! Wailesi inazima, firiji n'kusiya kung'ung'udza.

"Mwatani?" anafuula bambo akudzuka ndi ndodo. "Yatsani magetsi anga!"

"Ayi, bambo."

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi." Sanabwerere m'mbuyo. "Magetsi sapuma usiku, bambo. Babu ikapsa yapsa, ngakhale muiike mufiriji chaka. Ndinavomera chifukwa cha mantha, ndipo ndinalakwa."

Bambo anandiyang'ana cham'mbali.

"Zimenezo ndimazidziwa, ndipo ndikuona kuti wina wakuululirani mayeso. Ayi wophunzitsidwa sawerengedwa. Koma za msomali si mayeso, ndinaziona ndi maso anga. Miyezi itatu osathima!"

"N'chifukwa chake ndazimitsa. Fyuzi imapsa dala, kuti ifeyo m'malo mwa nyumba. Yanu inkapsa sabata iliyonse chifukwa penapake waya akudwala, ndipo inkakuuzani. Inu munaitseka pakamwa."

"Mnyamata iwe, ukundiphunzitsa m'nyumba mwanga?"

Ulemu wa inu unali utathawa. Ndinaona Wamagetsi akumeza malovu, ndinaona inde akukwera pakhosi pake. Anatseka maso kamphindi, kenako anatenga sikuludilaiva n'kumasula chivundikiro cha bokosilo.

Fungo linatuluka ngati la tayala lopsa. Msomali unali wakuda bii, pulasitiki yozungulira itasungunuka n'kuyenderera. Waya mmodzi analibenso chikopa, ndipo thabwa la kumbuyo linali makala. Wamagetsi analikhudza ndi chala, linayoyoka.

"Kuseri kwa khoma ili kuli chiyani, bambo?"

Ndinayankha ndine.

"Chipinda changa. Bedi langa lagunda khoma lomweli."

Bambo anayang'ana makala aja, anandiyang'ana ine. Komabe khoti silitsekedwa msanga.

"Nanga nditakuthamangitsani pompano?"

"Mundithamangitse, koma ndikamaliza. Mwana wanu mutha kundimana, ndi wanu. Koma kumusiya agone pafupi ndi moto chifukwa choopa kukukhumudwitsani, ayi. Ndinachita zimenezo masiku asanu ndi limodzi, ndipo ndikudzida nazo."

Bambo anabwerera pampando wawo pang'onopang'ono ngati munthu wochokera ulendo wautali. Anavula magalasi n'kupukuta m'maso ndi chala, n'kunena kuti ndi utsi.

"Mzime, kakhadi kaja."

Ndinawapatsa. Anakang'amba pakati n'kuika zidutswa ziwirizo pa tebulo.

"Konzani magetsi, a Magetsi. Ine ndifufuze liwu lina."

Ndinathawira kukhitchini kuti asandione ndikulira, ndipo ndinalira mosangalala, chopukutira mbale chili kumaso. Kwa ola lathunthu m'nyumba munkangomveka pulayala ikudula waya ndi masamba a dikishonale akutembenuzidwa. Nthawi ina ndinamva bambo akufunsa ngati tepi yakuda ingakwane pa waya wopsayo, ndipo yankho linabwera lomveka bwino lomwe kuti ayi. Bambo anaseka, kuseka kumene sindinakumve chimwalilire amayi.

Magetsi atangoyaka, galimoto ya azakhali inalira hutala pageti.

Analowa ndi chikwama chawo chachikulu, akudandaula za fumbi ndi za madalaivala a masiku ano. Anandipsompsona patsaya, anawapatsa moni bambo, kenako anaona Wamagetsi akutuluka mukolido akupukuta manja. Nkhope yawo inawala.

"Aa! Bambo a kwa Nesi! Mwabwera kudzakonza magetsi kuno? Koma dziko ndi laling'ono!"

Chiguduli chinagwa m'manja mwa Wamagetsi.

"Azakhali, mukuwadziwa?" ndinafunsa.

"Ndilekerenji kuwadziwa? Awa ndi amuna ake a nesi uja akukhala m'nyumba yanga ya kumapeto. Anabwera limodzi miyezi iwiri yapitayo, mphete zili pa zala, n'kusayina pepala langa onse awiri. Anthu aulemu kwambiri. Koma bambo, mukusowatu. Madamu akuti ntchito ikumakutengerani kutali." Anatembenukira kwa bambo. "Nanga achimwene, mkamwini wathu uja mumati ndidzamuone ali kuti?"

Bambo anatseka dikishonale. Anatambasula dzanja, n'kukankhira zidutswa ziwiri za kakhadi zija pamodzi mpaka liwu linawerengekanso.

Ndinayenda n'kukaima patsogolo pa Wamagetsi.

"Ndiuze kuti ayi. Sabata yonse ndakuphunzitsa. Ndiuze."

"Nesi anandipempha, analira. Ankati nyumba saipeza chifukwa mwini wake amafuna okwatira okha, ankati ndi tsiku limodzi chabe, mphete anabwereka yekha. Sindinagoneko ngakhale kamodzi, ndikulumbira. Ndimafuna ndikuuze m'mawa uja..."

"Sindinafunse zimenezo. Unaima pamaso pa azakhali anga n'kusayina kuti ndiwe mwamuna wake?"

Anandiyang'ana m'maso, misozi ili mbwembwembwe.

"Inde."

Azakhali anakhala pansi mwadzidzidzi, chikwama chili pamiyendo, pakamwa pali yasa. Zinandipweteka kwambiri moti ndinafuna kumumenya ndi dikishonale yomweyo. Ndinatambasula dzanja.

"Foni. Yankho la Nesi lija."

Anandipatsa. Uthengawo unali waufupi: "Kana makatani, koma pepala lija ndawaonetsa kale amayi ako. Akuti poti unasayina wekha, chatsala n'kusankha tsiku."

Ndinawerenga mokweza, liwu ndi liwu, kuti aliyense amve. Kenako ndinapita pakhomo n'kuvala nsapato zanga, zachidendene zija ndinamupondera.

"Azakhali, musachotse kiyi wa galimoto m'manja. Tikupita kunyumba yanu ya kumapeto, tonse. Ayi amene wanena kwa bambo lero akamunenenso pamaso pa Nesi, kenako pamaso pa amayi ake, ine ndikumva. Akakanika, ndikamusiya komweko apachike makatani."

Bambo anatola zidutswa za kakhadi zija n'kuziika m'thumba la jekete, chimodzi kumanja, china kumanzere. Anatenga ndodo yawo.

"Tiyeni," anatero. "Mlandu uwu sunathe."